Mawu a Pawindo

"Si iwe, mwana wanga, ndi matenda," anatero mayiyo, akumumangira mabatani a malaya m'chipinda cha alendo kuchipatala cha odwala misala.

Anabwera yekha. Kuyambira tsiku limene mwana wakeyo, munthu wandevu kale, anabaya ndi sizasi telala woyandikana nawo nyumba, achibale anasiya kuyankha foni. Malayawo anasoka ndi telala yemweyo.

"Ali moyo?" mwanayo anafunsa.

"Ali moyo. Koma dzanja lamanja silidzagwiranso singano."

Mwanayo anayang'ana zala zake zonjenjemera ndi mankhwala. "Mawu aja m'mutumu sankandipatsa mpata. Ankangoti, 'Mwamuna wogona ndi mwamuna mnzake, bola atangofa.'"

"Ameneyo anali Satana."

"Ayi, amayi, anali mawu anu. Ngati muja munkanenera pawindo mukamuona telalayo akudutsa."

Namwino analiza belu, alendo ena n'kuyamba kutsanzika. Mayiyo anatsegula pakamwa, koma anaopa kumva liwu lake lomwe. Anangopitiriza kumanga mabatani mpaka lapakhosi. Ulusi wake unali wolimba ngati wasokedwa dzulo.