Analondera Mulu wa Zinyalala Mpaka Unadya Mlongo Wake

Panali munthu wina, ndipo amene anandiuza nkhaniyi akuti fungo la zinyalala za m'nkhaniyi analimva ndi mphuno zake. Bamboyu anali ndi lole imodzi yokalamba, ndipo khonsolo inamupatsa kontirakiti yotola zinyalala m'dera lomwe ankakhala. Anthu ankangomutcha Bwana Kontirakiti, chifukwa ngakhale pamaliro mawu amenewo sankachoka pakamwa pake.

Ntchito ankaigwira mwa apo ndi apo. Madandaulo atachuluka, khonsolo inamulanda deralo n'kulipereka kwa mayi wina wa malole awiri. Mkuluyu anathamangira kwa loya, n'kubwerako ndi chiletso cha khoti choti mayiyo, kapena wina aliyense, asatole zinyalala m'deralo mpaka mlandu utatha. Iye mwini sankatolanso, poti khonsolo inali itasiya kumulipira.

"Ngati sinditola ine, satola munthu," ankatero, akudziguguda pachifuwa.

Tsono malo amene anthu ankasiyapo zinyalala anali pakona pa msewu, moyang'anizana ndi lesitilanti ya mlongo wake wamkulu. Mayiyu ndi amene anamulera makolo awo atamwalira, ndipo kalesitilanti ka matebulo ochepako ndi kamene kankadyetsa ana ake.

Mulu unayamba kukula. Matewera a ana, matumbo a nkhuku, makabichi owola, mpaka galu wakufa anaponyedwa pomwepo. Ntchentche zinkafika patebulo mbale isanafike. Makasitomala ankadya dzanja lina lili pamphuno, kenako anayamba kudutsa ngati sakupadziwa.

Mlongo wake anapita kukamuona kunyumba.

"Achimwene, ndagwira mwendo wanu. Mlandu uzipitirira, koma lolani mayi uja achotse pakona pokhapa. Anthu andithawa."

"Achemwali, inu za malamulo simuzidziwa. Loya wanena kuti mulu uja ndi umboni. Ukamakula, khonsolo ikuchita manyazi."

"Nanga ana anga adya umboniwo?"

"Pirirani pang'ono. Ndikapambana mudzandithokoza."

Ndipo munthu wamkulu ndi ndevu zake ankapita pakona paja m'mawa uliwonse kukajambula muluwo pafoni, akumwetulira ngati mlimi amene akuyendera munda wake. Zonyansa zedi.

Amayi a mumsewumo atatopa, anabwereka mawilibala ndi mafosholo kuti achotse okha. Mlongo wake uja anali patsogolo, atamanga mpango kukamwa. Asanadzaze n'komwe wilibala yachiwiri, Bwana Kontirakiti anatulukira ndi apolisi.

"Ndi awa akuphwanya chiletso cha khoti! Bwezerani pomwe mwazitenga!"

"Ndi ine ndemwe, achimwene?" anafunsa mlongo wake.

"Lamulo lilibe chibale. Zinyalala za dera lino ndi zanga, aliyense asazikhudze."

Wapolisi mmodzi analavula malovu n'kuyang'ana kumbali. Amayi aja anakhuthula mawilibala pamulu pomwepo, iye ataimirira manja ali m'chiuno.

Kenako kunagwa mvula. Madzi akuda ochokera pamulu anawoloka msewu n'kudzaima pakhonde la lesitilanti. Mphutsi zinkakwera masitepe, makoswe akulowa m'khitchini dzuwa likuswa mtengo. Mwini lesitilantiyo ankakolopa mpaka manja kusupuka, koma ungakolope bwanji msewu wonse? Ana awiri a kasitomala wina anatsegula m'mimba mpaka kugonekedwa kuchipatala. A zaumoyo anabwera, anatseka lesitilantiyo n'kumulanda laisensi. Mwini nyumba naye anati atulutse katundu wake.

Mlandu unatenga miyezi, ndipo pamapeto pake Bwana Kontirakiti anapambanadi. Khoti linati khonsolo sinatsate ndondomeko pomulanda deralo. Anakwera lole yake, suti ili pathupi, n'kulowa mumsewu uja akuimba hutala. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anamuimikira dzanja. Amayi ankangolowa m'nyumba n'kutseka zitseko.

Atafika pakona anapeza matebulo, mipando ndi mapoto a mlongo wake zikukwezedwa m'lole ina yotsukidwa bwino. Inali ya mayi uja amene ankalimbana naye kukhoti. Mayiyo anali atamva zonse, ndipo anadzipereka kumusamutsa ulere.

"Achemwali, tapambana!" anakuwa akutsika. "Tsitsani katunduyo. Mawa lomwe lino mulu uwu ndichotsa, mutsegulanso."

"Nditsegula chiyani? Laisensi analanda, nyumba alowamo ena. Dzina langa m'dera muno ndi mayi amene anadwalitsa ana."

"Ndiye mpaka kukwera lole ya mdani wanga? Bwerani, ndikuperekezeni pa yanga."

Anatambasula dzanja kuti alandire poto amene mlongo wake ananyamula. Mayiyo analibweza potolo pachifuwa pake.

"Chotsa dzanja lako. Ndinakusambitsa uli mwana, ndinakuchapira matewera, sindinanyansidwe nawe. Lero ndikunyansidwa nawe. M'bale wako ndi uyo wamulondera miyezi yonseyi, pita ukamukumbatire."

Anakwera kutsogolo kwa lole, ana ake atakhala pamatebulo kumbuyo, ndipo sanacheuke. Akuti mpaka lero mchimwene wakeyo akaimba foni, mayiyo amangoiyang'ana mpaka idzidukire yokha.

Phunziro: Ukamalimbirana ufulu wako, uziyang'ana amene ukumuponda. Pali kupambana kwina konunkha kuposa kugonja. Amati chibale n'fupa sichiwola, koma usachiyese dala pochiunjikira zinyalala pakhomo. Inu amene muli ndi makontirakiti otumikira anthu, kumbukirani kuti mukamakokana m'makhoti, ovutika ndi anthu omwewo, ndipo ena mwa iwo ndi a magazi anu. Musaisunge nokha nkhaniyi, itumizeni kwa achibale ndi m'magulu anu, mwina ifika kwa wina amene akulondera mulu wake lero.