Magazi Osafika Pamzere

Aka kanali kachitatu tsiku limenelo kuti labotale ibweze magazi a Bambo Verschaeve. Namwino Griet sanavutikenso n'kuimba foni. Anasiya buledi wake wa masana ataluma kamodzi, n'kutsika masitepe, kabotolo ka magaziwo kali m'manja.

Chimfine cha chaka chimenecho chinali chitadzaza wodi ya odwala mapapo, moti abale analetsedwa kulowa. Bambo Verschaeve anayamba kubanika kwambiri m'mawa. Dokotala ankaganiza kuti magazi ayamba kuundana m'mapapo mwawo, koma sankafuna kuwonjezera mankhwala osungunula magazi asanaone zotsatira za D-dimer, muyeso umene umasonyeza ngati m'thupi muli magazi oundana. Mankhwalawo akachuluka popanda chifukwa, munthu amatha kukha magazi m'kati.

Griet anagogoda pazenera la labotale mwaukali. Amene anatsegula anali Mayi Depoorter. Chipatala chonse chinkawadziwa: zaka makumi awiri pamakina amodzimodzi, samwa khofi ndi anzawo, saseka, sakhululuka.

Mayiwo anatenga kabotoloko n'kukayang'ana poyera.

"Ndinanena kale. Magaziwa sanafike pamzere wa pakabotolopa."

"Kwatsala kadontho, mayi! Kadontho kamodzi!"

"Madontho asanu. M'kabotolo aka muli kale mankhwala. Magazi akachepa amasuluka, ndiye makina akhoza kunena kuti zonse zili bwino pomwe sizili bwino."

"Nanga ndikawatenga kuti? Mitsempha ikuthawa. Ndawabaya kanayi, mikono yonse yabiriwira. Bambo wamkulu akugwetsa misozi, inu muli pano kuwerenga madontho!"

Mayi Depoorter anatsegula kabati, natulutsa kabotolo katsopano, n'kukaika pazenera.

Griet anayang'ana wotchi yapakhoma. Maola atatu anali atapita pachabe. Anali ndi odwala ena asanu ndi awiri, mnzake wapantchito anali atagwidwa ndi chimfine chomwecho, ndipo dokotala ankamufunsa mphindi khumi zilizonse ngati kuti zotsatirazo wazibisa m'thumba.

"Mukudziwa zimene timanena kumtundaku?" anatero Griet. "Timati inu munakwatiwa ndi mzere umenewo. Ikani magaziwa m'makina, chikavuta mudzanene kuti ndine."

"Sindiika."

"N'zosavuta kukana muli pansi pano ndi timabotolo tanu. Kwa inu ndi nambala chabe. Mukanakwera kamodzi kokha n'kukamuona munthuyo mmene akupumira, bwenzi mutachita manyazi."

Mayi Depoorter anavula magalasi. Maso awo anali ofiira.

"Kukamuona? Ndapempha masiku asanu ndi anayi, mukundikaniza. Amenewo ndi amuna anga, mwanawe, kungoti sindinasinthe dzina pokwatiwa. Kulungani dzanja lawo lamanzere ndi nsalu yotentha, mubaye kuseri kwake, pamenepo mtsempha sumathawa. Ndipo kabotoloko kabwere kodzaza."