Chikatapila Chomwa Migolo Khumi

Panali munthu wina ku Chinsapo, dzina lake Leston, kontilakitala wa zomangamanga. Amene adandiuza nkhaniyi amalumbira kuti idachitikadi, m'chaka cha 1996. Leston anali wolimbikira ntchito, pamenepo tisamunamizire. Koma anali ndi nthenda imodzi: ukamuuza kuti njira ndi iyi, iye ankalowera dala kwina.

Chaka chimenecho bungwe lina lidampatsa ntchito yokumba ngalande yaikulu ya madzi a mvula, kuchokera kumsika mpaka kumtsinje. Lidapereka migolo khumi ya dizilo, n'kunenetsa kuti ikatha palibe ina. Unali mwezi wa Okutobala, mvula ili pafupi. Nyumba ya Leston mwiniwake, ya zidina zosawotcha, inali m'mphepete mwa njira ya ngalandeyo, pakati penipeni pa msika ndi mtsinje.

Chidatsala n'kubwereka chikatapila chokumbira. Leston adatenga Bambo Ezekiel, mkulu amene adakalambira pa ntchito yoyendetsa makina a m'misewu, napita kuyadi ya munthu wina amene sankamudziwa, dzina lake Peterson. Kumeneko kudali zikatapila ziwiri. China chinali chachikulu, chopakidwa penti yachikasu yonyezimira. Chinacho chinali chaching'ono, chosuluka ngati malaya a kumunda.

"Bigi, inu ndi munthu wa chachikuluchi," adatero Peterson. "Sabata imodzi basi, ntchito yatha!"

Bambo Ezekiel adathyola kamtengo. "Tiyambe tayesa. Tidzaze thanki, tiviike kamtengoka, chikumbe ola limodzi, kenako tiviikenso. Tione kamwedwe kake."

"Aaa madala, zimenezo ndi zachikale," adaseka Peterson. "Kuno sitiyesa makina ndi mitengo."

Mkuluyo adapita pa chachikulucho. Adadikira kuti Peterson alize injini, nayika kansalu koyera potulukira utsi. Kadatuluka kali bii ngati makala.

"Achimwene," adanong'oneza Leston, "ichi sichikumwa dizilo ayi, chikuchita kumeza. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Titenge chaching'onocho. Chimachedwa, koma migolo khumi itikwanira."

"Ine? Ndilowe mu Chinsapo ndi kachidole aka, anthu akandiseke?" adatero Leston mokweza. "Kontilakitala ndi ndani pano, inu kapena ine?"

Adatenga chachikulucho. Tsiku limene chidafika, ana adachithamangira, amayi ogulitsa tomato adaimirira, Leston ali pambali manja m'chiuno.

Bambo Ezekiel adayesanso. "Chabwino, mwasankha. Koma tiyambire kumunsi, kumtsinje, tizikwera. Ngalande imakumbidwa choncho, kuti ngakhale mulekeze panjira madzi apeze kotulukira."

"Kumtsinje kulibe otiona. Tiyambira pamsika pompano."

"Ndiye pezani wina woyendetsa. Ine dzina langa silikhala pa ngalande imeneyi."

"Pitani! Madalaivala adzaza tauni yonse ino!"

Mkuluyo adanyamula chipewa chake n'kumapita. Leston adalemba dalaivala wina, ntchito n'kuyamba. Chikatapila chija chinkakumba ndithu, utsi uli tolotolo. Koma pofika Lachitatu migolo inayi inali itauma. Mkazi wake, Jemima, adachita mantha.

"Bambo a kunyumba, bwezani chinthuchi. Kapepeseni kwa a Ezekiel, akadali ndi mtima wabwino."

"Kupepesa? Ndisanafe ayi. Chikungozolowera nthaka, chisintha."

Sichidasinthe. Tsiku lachisanu ndi chinayi chidatsokomola kawiri n'kuzima, mgolo womaliza uli gwaa. Ngalande inali itangofika theka. Ndipo theka limenelo lidathera pati? Pa mpanda wa nyumba ya Leston.

Leston adathamangira kubungwe, koma adamukumbutsa mawu awo aja. Adazungulira malo omwetsera mafuta, sadapeze okwanira chilombo chotero. Adapita kwa Peterson, adapeza geti lotseka, mlonda akuti bwana adapita ku Joni. Anansi adamuuza kuti aitane anthu, atsirize ndi makasu.

"Kontilakitala sagwira khasu," adayankha. "Mvula idikira."

Mvula sidikira munthu. Idagwa Lamulungu masana, anthu akuchokera kutchalitchi. Madzi amene kale ankamwazikana m'tinjira tonse adapeza msewu wabwino. Onse a kumsika ndi a kumtunda adasonkhana m'ngalande ya Leston, nathamanga mpaka pamene idathera. Mpanda udagwa. Jemima adangotha kutulutsa ana ndi wailesi. Kenako khoma la kuchipinda lidagwada, denga n'kutsatira.

Leston adaima m'madzi ofika m'mawondo, suti ya kutchalitchi ili yonyowa, akuyang'ana nyumba imene adamanga zaka zinayi ikusanduka phala. Zidamupweteka kwambiri, pakuti madziwo adawaitana yekha.

M'mawa mwake anthu adamva kulira kwa injini kumtsinje. Anali Bambo Ezekiel pa kachikatapila kosuluka kaja. Anthu a m'deralo ndiwo adakawapempha, nakabwereka kachikatapilako kwa mlonda wa Peterson uja, nasonkherana migolo itatu yokha. Mkuluyo adaviika kamtengo kake m'thanki, nayamba kukumba chokwera. Patatha masiku asanu ndi limodzi adalumikiza ngalandeyo, dizilo wina atatsalako.

Leston adabwera kudzaona. Adayang'ana kachikatapilako nthawi yaitali, nati, "Komabe changa chinali champhamvu."

"Chinalidi champhamvu, achimwene," adayankha Bambo Ezekiel. "Chagwetsa nyumba chili chozima."

Phunziro: Posankha makina usafunse kukula kwake kapena kuwala kwa penti, funsa kamwedwe kake, ndipo uyese ndi maso ako. Amene wakana kuti uyese pali chimene akubisa. Mverani anthu odziwa ntchito, chifukwa wosamva adamva nkhwangwa ili m'mutu. Musaisunge nkhaniyi, ipatsireni anzanu, makamaka uja amene saweruzika.