Mlenje wa Zala Zisanu ndi Ziwiri

Apongozi anaika pepala ndi pensulo patebulo, pakati pa makhadi a masewera amene ndinapanga.

"Mwati zithunzizi munajambula nokha, bambo? Ndijambuleni inenso."

Ndinali nditangofika kudzawaonetsa masewerawo ndisanawasindikize. Zoona zake, zithunzi zonse inandipangira pulogalamu ya AI ya pafoni. Koma ndinali nditadzitama kale.

Mlamu wanga, katswiri wojambula, anali atakhala pakona. Ntchito yojambula makhadiwa ndinali nditamulonjeza iyeyo chaka chatha. Anatola khadi limodzi n'kuliyang'anitsitsa.

"Alamu, mlenjeyu ali ndi zala zisanu ndi ziwiri."

"Ndi wamatsenga," ndinayankha.

"Nanga galu wakeyu, miyendo isanu?"

"Amathamanga kwambiri."

Mkazi wanga anathawira kukhitchini, mapewa akugwedera ndi kuseka.

Apongozi anakonza mpango wawo n'kukweza chibwano. Ndinayamba ndi mutu. Unatuluka ngati dzungu. Thukuta linadonthera papepala.

Mlamu anadzuka n'kundilanda pensulo ija. Mtima unakhala pansi, ndimati wandipulumutsa. Anaisongola bwinobwino, anaiuzira, kenako anandibwezera ndi manja awiri.

"Musafulumire, alamu. Basi yanu ndi ya mawa m'mawa."