Sanda ya Pamwamba pa Khoma

Zala za Karima zinkakwera khoma pang'onopang'ono ngati nkhanu, monga anamwino anamuphunzitsira atamuchotsa bere lakumanja. Pakhomapo panali mizere yamakala. Mwamuna wake Binali ndiye ankailemba, m'mawa uliwonse, pomwe dzanja lalekezera. Lachisanu limenelo Binali anali ku mzikiti, ndipo Karima ankafuna kuti akabwera amudzidzimutse. Analuma mano. Zala zinapyola mzere womaliza, zinafika pamwamba penipeni pa khoma, zinagunda jumbo.

Anaikoka. Mkati munali nsalu yoyera, yatsopano, yonunkha sitolo, yoduladula kale.

Karima sanafunikire womuuza. Asanadwale ndiye ankasambitsa maliro a azimayi ku Senga Bay kuno, ndipo sizasi yake inali itadula sanda zosawerengeka zokulungira maliro. Ya mkazi zidutswa zisanu, ya mwamuna zitatu, ankatero pophunzitsa anzake, osalakwitsa pamenepo. Anakhala pamphasa, bandeji ikumuthina pachifuwa.

Tsono zonse zinamveka. Tsiku lotuluka m'chipatala ku Lilongwe, adokotala anamuuza kuti, "Mayi, chotupa tachotsa chonse. Kwatsala mankhwala a m'diripi, muchira." Koma atangotero anaitanira Binali yekha m'kachipinda n'kutseka chitseko. Anakhalitsamo. Binali anatuluka maso ali psuu. Ndi mmene amachitira anthu amenewa. Wodwala amamumwetsa phala la mawu, chilungamo amauza gadiyani.

Ndipo Binali anali gadiyani weniweni, ameneyo musamunamizire. Amuna a kunyanja kuno timawadziwa. Mkazi akangogona pamphasa pang'ono, iwo ayamba kale kuzungulira pamathandala a usipa, kufunsa mtengo wa nsomba kwa atsikana. Binali ayi. Anasiya bwato pamchenga. Ankawiritsa madzi amchere, n'kutsuka bala lija osakwinya nkhope. Ankachapa zitenje za mkazi wake masanasana, alovi, asodzi anzake aja, akumuseka kuti anadyetsedwa kondaine. Iye n'kumangochapabe.

Koma masabata apitawa munthu anasintha. Chakudya ankangochigwiragwira. Lamba anamuboola bowo lina ndi msomali. Kuchimbudzi ankapitako pafupipafupi, n'kukhalitsako, n'kuthira madzi ambirimbiri. Akamufunsa ankati ndi likodzo lake lakale lija, msodzi ndani alibe. Karima ankadziwa kuti amapita kukalira. Kenaka anayamba kuphunzitsa mwana wawo Naima kutsuka bala, kumanga bandeji, khomo lolowera kuchipatala, dzina la anamwino achifundo aja. Bwato ndi ukonde anapereka kwa mlamu wake, mchimwene wa Karima. Munthu akatopa nawe samakuuza. Amangoyamba kugawa katundu.

Ndiye bwanji ankamukweza khoma m'mawa uliwonse ngati buluzi? Mizere yamakala ija inali ya chiyani? Kumunyengerera ngati mwana, kwinaku nsalu yomukwirira nayo ili pamwamba pa mutu wake, pamalo pomwe ankadziwa kuti dzanja lodwala silingafike. Imfa Karima sankaiopa, anali ataisambitsa kambirimbiri. Chinamuwawa ndi bodzalo. Ndipo mawa lake ankayenera kukwera minibasi ya ku Lilongwe kukayamba diripi ija, yomwe amati imathothola tsitsi ndi kusanzitsa mpaka ndulu. Asanze chifukwa chiyani, munthu woti manda akumudikira?

Panja panamveka masilipasi. Binali anawerama pakhomo, poti anali wamtali ngati mlongoti, mpaka anthu ankaseka kuti anakwatira mkazi womulekeza m'khwapa. Anapereka salamu. Karima anamuponyera jumbo ija kumapazi.

Binali anayang'ana jumbo, anayang'ana khoma. Nkhope yake inawala.

"Mwafikira pamwamba paja, mayi a Naima? Ndi dzanja lomwelo?"

"Musandizembe. Ku Lilongwe mawa sindipita."

"Mupita."

"Kukatani? Kukathothoka tsitsi kuti azimayi anzanga asadzavutike pondisambitsa? Mwandinamiza mokwanira, bambo a Naima. Inu ndi adokotala anuwo munatsekerana chitseko, ine kunja ngati mbuzi yogulitsa. Bala mumatsuka bwino, zikomo. Koma pakamwa panu ndi pakuda."

Binali anakhala pampando pang'onopang'ono, dzanja lili pamimba. Kumuona atangokhala choncho kunamuwonjezera Karima moto.

"Chabwino. Tiyeseretu ndili moyo, mwina mwandimana nsalu. Ntchito imeneyi ndi yanga, sindifuna kukachita manyazi kumanda."

Anasolola chidutswa choyamba n'kuchiyala. Chinadutsa mphasa yonse mpaka kukagunda chitseko.

"Onani, ngakhale msinkhu wanga simuudziwa."

Anasolola chachiwiri. Chachitatu. Anapisanso dzanja m'jumbo, nafufuza m'makona monse. Munalibe kanthu.

Binali anatola khala pawindo, anadzuka movutikira, nalemba mzere watsopano pamwamba penipeni pa khoma.

"Adokotala sanakunamizeni, mayi a Naima, inu muchira," anatero osacheuka. "Ndinakapimitsa inu muli m'wodi. M'kachipinda muja ankanena za ine."