Galu Wodya Nsalu

Peggy anatambasula chitenge cha chipani pakhonde, ndipo magazi ake anawira. Ngodya imodzi kunalibe, yang'ambidwa mpaka pa maluwa a m'mphepete. Mawa amayi onse a pamsika wa Chilenje mu Lusaka amayenera kukaima m'mbali mwa msewu kuvinira akuluakulu, ndipo wobwera wosavala chitengecho tebulo lake la tomato ankalipeza lili ndi mwini wina.

"Febby! Kali kuti kagalu kako?"

Febby, mwana wake wa zaka khumi ndi zitatu, anatulukira kuseri kwa nyumba atakumbatira Denja. Kagaluko kanapukusa mchira ngati kamva kuti kakuitanidwira fupa.

Peggy analibe nako chikondi kuyambira tsiku loyamba. Kanasiyidwa ndi Virginia, mchemwali wa mwamuna wake Gilson, pamene iye ndi Peggy anakangana mpaka mlamuyo kumanga katundu kubwerera ku Katete. Gilson amagwira ntchito ya njanji ku Kabwe, kunyumba amangoonekera kumapeto kwa mwezi, ndiye mavuto a galu onse anagwera Peggy. Sabata yoyamba anakagwira kakutafuna patapata. Kuyambira pamenepo mlandu uliwonse unali ndi mwini wake.

Ndipo milandu inabweradi. Mu Ogasiti shiti yoyera ya pabedi la alendo inaduka kumiyendo. Peggy anakakwapula ndi tsache. Mu Seputembala chinatsatira chitambaya cha pampando, chija anachipeza atazungulira masitolo onse a ku Kamwala. Anasinja tsabola, napaka m'munsi mwa makatani onse, ndipo makataniwo sanakhudzidwe ngakhale ulusi. Umboni wina ungaposenso apa? Anakamanga ndi chingwe pamtengo wa mapeyala, koma akachoka Febby ankakamasula.

Chimene chinkamupweteka koposa chinali mwano wa mwanayo. Galu akangomenyedwa, Febby ankanyanyala masiku anayi kapena asanu. Ndiwo ankaphika bwinobwino, koma zopanda mchere, mcherewo n'kuubweretsa pasosala.

"Ikani mweka, amai," ankatero maso ali pansi.

"Manja yako yathyoka? Unikwiyila ine chifukwa cha galu?"

Sopo nayenso, uja Peggy ankamuimira pamzere kuyambira m'mawa mpaka dzuwa paliwombo, ankangosungunuka, ndipo sipanafunike woombeza kuti adziwe amene akusambitsidwa ngati mwana wa bwana wa ku Kabulonga. Kawiri konse Febby anafunsa kuti azakhali ake a Virginia abwera liti. Kachiwiriko Peggy anamuyankha kuti dzina limenelo akalimvanso m'nyumba mwake, mwini kamwa alondola msewu wa Katete wapansi.

Lero zinamukwana. Anaponya chitenge pamapazi a mwanayo.

"Ona! Nizavala chani mailo? Uzanidyesa ndiwe nikachosedwa pa maliketi?"

"Amai, si Denja."

"Nanga ni ndani? Ndine? Nadya neka chitenge changa?"

Febby anatsegula pakamwa, nayang'ana kumpanda kumene amayi awiri oyandikana nawo anali atasuzumira kale, natsekanso. Misozi inayamba kugwera pamutu pa galu. Misoziyo inangothira mafuta pamoto.

Kutsidya kwa msewu, a Abednego, oyendetsa lole ya mchenga, anali akuliza injini kuti azipita ku Kafue. Peggy anatsomphola kagaluko m'manja mwa mwana wake, nawoloka msewu ali wopanda nsapato.

"Ba Abednego, nithandizeni. Katayeni kutali, kwamene sikazabwelako."

"Amake Febby, ni kamwana chabe aka. Mano yakanyeleza. Kapaseni fupa, kazaleka."

"Fupa? Ine nyama niyiona liti? Tengani, olo nikaponya mu ngalande muli kuona."

A Abednego anapukusa mutu, koma ukali wa Peggy unkadziwika mpaka ku Kabwata. Anakaika kumpando wa kutsogolo. Febby anathamangira loleyo mpaka pokhotera, kuthamanga kwake kwachilendo, dzanja limodzi litagwira diresi kumbuyo. Kenako anabwerera, nadutsa mayi ake osawayang'ana, nakadzitsekera kuchipinda.

Peggy mtima sunatsike. Ankafuna kuti fungo lenilenilo la galu lichoke pakhomo pake. Anatenga machesi, napita kuseri kumene kunali bokosi lamatabwa logonamo Denja, malo okhawo panyumba ponse amene iye sankafikako. Analikankha ndi phazi, bokosi linagubuduka, ndipo pansi pa chiguduli panatuluka chitini chakale cha mkaka chotseka bwino.

Anachitsegula akulalatabe. Munali tizidutswa ta shiti yoyera ndi ta chitambaya cha ku Kamwala, tochapidwa, topindidwa mosamala, tonunkhira sopo wake, tili ndi timadontho tofiirira timene mzimayi aliyense amatidziwa. Galu sachapa, ndipo sapinda nsalu.

Peggy anakhala pansi pafumbi, sosala ya mchere ija ili m'maso mwake. Mwana wake anali atakula miyezi itatu yapitayo, wopanda azakhali owauza, ndipo yekhayo amene ankamusungira chinsinsi mu Lusaka yense anali pa lole yopita ku Kafue.