Timiyala ta Pamanda a Yosefina

"Alamu, bwerani mudzaone zimene mfiti zikuchita!" anakuwa Mainess, khasu lili m'manja.

Malcolm Zulu anasendera. Linali tsiku lolambula manda ku Kasenengwa, ndipo pamtumbira wa mkazi wake, Yosefina, panali timiyala tondandalikidwa bwino.

Timiyala tonseto ankatidziwa. Chaka chathachi anaperekeza gulu la Ayuda ku Lithuania monga namwino wa nkhalamba ina ya ku Lusaka. Kumeneko nkhalambayo inaika mwala pamanda a amayi ake, n'kumuuza kuti, "Maluwa amafota. Mwala umanena kuti ndinabwera." Malcolm, amene sanagwetse msozi pamaliro a mkazi wake, analira tsiku limenelo mpaka nkhalambayo ndiyo inamutonthoza. Chibwerereni, Loweruka lililonse ankakwera minibasi kuchokera ku Chipata, n'kulowa kumanda kukasiya kamwala kamodzi mozemba, poti kumanda munthu sapita yekha.

"Makumi atatu ndi kamodzi," anatero Mainess, akukokolera timiyalato m'chidebe. "Akufuna kuwapsinja akulu anga kuti asapume. Inu mukanamabwera, zikanachitika izi? Zaka zitatu phazi lanu osaponda kuno! Munkawakonda n'komwe?"

Abale onse anaimika makasu, maso ali pa iye. Akangoulula, mfitiyo ikhala iyeyo.



"Gwirani," anatero Mainess, akumupatsa chidebecho. "Katayeni kutali. Muwachitireko chinthu chimodzi chokha akulu angawa."

Malcolm analandira ndi manja awiri, n'kulowera kutchire.